Kabotolo ndi Apongozi Anga

Lolemba

Dziko lonse limve! Ine, katswiri wa bawo kuchokera pa Golomoti mpaka ku Mtakataka, munthu amene ndinaphunzira Sitandade 5 kawiri chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana nane, lero ndalandira kabotolo. Alangizi a zaumoyo agawira nkhalamba tonse. Akuti tiikemo chimbudzi pang'ono, akapime ngati muli magazi obisika, poti khansa ya m'matumbo imalowa osaodira.

Anga magaziwo si obisika. Ndawaona katatu mwezi uno. Akudziwa ndi NaBanda yekha, mkazi wanga.

Vuto nali: wolandira mabotolo pachipatala chathu ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga Lameki. Munthu amene tikakumana panjira amapatukira kutchire! Ndikawapatse zimenezi m'manja? Ndikapereka kuchipatala cha ku Mua, kumene sandidziwa.

Lachiwiri

Zofunika pa ulendo:
1. Njinga.
2. Chipewa chachikulu chobisa nkhope.
3. Katundu mwini wake.

Nambala 3 wakana. Ndakhala m'chimbudzi mpaka miyendo dzanzi. Zaka zonsezi mimba iyi sinandikanepo, lero nayonso ikuchita manyazi. NaBanda ali panja: "Kodi ndikubweretsereni mphasa m'menemo?"

Ndikudya mapapaya awiri.

Lachitatu

Papaya ndi mfumu! Katundu wapezeka. Ndakulunga m'majumbo atatu, ndamanga ndi luzi, ndaika m'thumba la jekete.

Ndili panjinga kupita ku Mua, ndisanapitirire minda ya mpunga, uyu Che Saidi wogulitsa usipa, amene ndimamudya bawo tsiku lililonse. Maso ali pathumba. "Achimwene, mwagwiriziza chiyani pamenepo? Ndiye mankhwala a bawo aja eti?"

Ndavomera. Bola kutchedwa mfiti.

Akuti wallahi sandisiya mpaka anunkhizeko. Wanditsata ndi njinga yake. Ndakhota, ndabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu. Alangizi anati katundu asagone, choncho wa lero wapita pachabe.

Lachinayi

Pabawo palibe wofuna kusewera nane. Mbiri yafika kale. Wina wachotsa mwana wake pafupi nane!

Ndili ndekha pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi pamene ankakhala malemu Yohane. Iye uja ankangoboola lamba, bowo lina, bowo lina, ife n'kumamuseka kuti akazi ake akumumana ndiwo. Za matumbo tinazimva atagona kale pamphasa.

Ndikuwerenga mabowo a lamba wanga. Limodzi ndi latsopano, ndinaboola ndi msomali mwezi watha.

Lero nthabwala palibe.

Lachisanu

Kabotolo kena ndapempha kwa mnzanga amene wakaniratu zopimitsa. Akuti chimbudzi cha munthu sichiyenda m'manja mwa alendo, angakuchite nacho chipongwe. Katundu wapezekanso. Ndikutulutsa njinga: matayala onse awiri aphwa! Onse! Satana ali ndi msomali.

Minibasi? Anthu anayi pampando, dzuwa la kuno, kabotolo m'thumba? Ayi, ndine munthu wachifundo.

Loweruka

Magazi aja, kachinayi. Ambiri kuposa kale.

Ndatuluka ndikuimba mluzu, koma NaBanda sanamizidwa ndi mluzu. Wandiyang'ana, wayang'ana lamba. "Ndiye ndivale zakuda chifukwa cha ulemu wanu?"

Wamanga chitenje, walunjika kwa Lameki. Ndamuitana katatu. Sanacheuke.

Ndatsala pakhonde ndi kope langali.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi, apongozi afika. Agwada patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope ayang'anitsa kumbali. Akulankhula ndi NaBanda ngati ine kulibe, chonsecho ndili pakhonde pomwepo, ndabisala kuseri kwa chipewa.

"Amayi, muwauze abambo kuti kabotolo n'ka anthu amene sanaone kanthu. Amene aona magazi ndi maso akufunika kuonana ndi adokotala, osachedwa. Si onse amakhala ndi khansa, koma tisalote. A Lameki awatenga mawa panjinga yamoto. Ine sindidzakhalamo m'chipindamo."

Basi. Sabata yonse ndavutikira kabotolo kosandikhudza, mapapaya atha mumtengo, ndipo ndine mfiti ya bawo.

Ndayankha kudzera kwa NaBanda kuti zikomo. Malaya NaBanda wandichapira. Mawa ndipita.

Chimodzi ndinakunamiza, kope langa: matayala aja sanaphwe okha. Ndinaphwetsa ndine. Ku Mua kulibe apongozi, koma nakonso ndinkaopa.