Sweetie wa Apongozi

Nkhani iyi ndimaikamba nditaphimba kumaso ndi chitenje.

Amuna anga, bambo a Tiyezge, atapita ku Joni kukafuna ntchito, ndinagula foni ya touch pa Boma. Sukulu ndinalekezera panjira, koma app yochezera ndinaiika ndekha, mwana ali kumbuyo. Nditalowetsa nambala yawo, chithunzi chawo chinatulukira, akumwetulira. Ndinati basi, Joni yafika m'manja!

Ndinalemba kuti, "Sweetie, mwafika bwino?"

Timizere tiwiri tinasanduka blue. Awerenga. Yankho zii.

M'mawa mwake ndinatumiza voice note yachikondi, yonena zinthu zoti sindingazibwereze pano. Anaimvera. Zii.

Ine maso anga saphonya kanthu. Munthu ali online, nthawi zina mpaka typing, kenaka n'kusiya. Ndani akumugwira dzanja? Mtima unati mkazi wa ku Joni, wa mawigi uja timamva.

Ndinatumiza ina ndikulira: "Ngati mwapeza wina nenani, ndinyamule Tiyezge ndibwerere kwathu ku Champhira!"

Ndikulongedza zovala, ndinamva odi. Anali apongozi aakazi.

"Mkamwana, khalani pansi. Mukupita kuti?"

"Amama, mwana wanu wandisiya. Amawerenga koma sayankha."

"Awerenge bwanji, foni anasiyira adada ake?"

Ndinagwira pakamwa. Amuna anga pochoka anasiyira bambo awo foni yakale, nambala ndi chithunzi zili momwemo. Ndipo kuno kwathu mkamwana ndi apongozi aamuna sayankhulana chisawawa. Ndikawaona panjira ndimapatuka n'kugwada. Ndiye mdala ankati akayamba kulemba, mwambo n'kuwagwira dzanja.

"Amva zonse?" ndinafunsa.

"Zonse. Speaker ili full, ali pakhonde."

"Mayo ine!"

Amama anandipatsa nambala ya ku Joni, imene mwana wawo anatumiza kwa adada kuti andipatsire. Mdala anasowa poyambira! Nditaimba, bambo a Tiyezge anayankha msangamsanga: "Mwakhala chete bwanji? Ndimayesa mwandiiwala!"

Mtima unakhala m'malo. Ndinati yewo chomene, amama, ndikumasula katundu.

Iwo potuluka anatembenuka: "Koma mwandiputira mavuto. Chikwatirane adada anu sindinawatchulepo dzina, lero akuti mbwenu nanenso ndiziti sweetie!"

Chithunzi si munthu, abale: musanatumize chikondi, yambani mwafunsa kuti foni ili m'thumba la ndani.