Nyale za Nsomba za Albert

Albert Kachingwe analakwira mkulu wake Patson mu Okutobala chaka cha 2023, ku Smethwick ku England, Lachitatu m'mawa. Anamuuza kuti atuluke m'chipinda chakuseri chimene ankagonamo, chifukwa mukubwera nsomba.

Nsombazo zinabweradi. Zinabwera ndi thanki yagalasi yotalika ngati bokosi la maliro a munthu wamtali, yodzaza madzi amchere. Zinalipo zisanu ndi ziwiri, zoti ngakhale mutazikazinga zonse mwana mmodzi sangakhute. Pansi pake panali miyala yamitundumitundu imene Albert ankati ndi yamoyo, dzina lake makorali. Albert ndi nesi, mkazi wake Queen ndi nesinso, ndipo munthu akaphunzira kwambiri amafika pomvera chisoni mwala.

Patson ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Albertyo ndi mwana wa mayi ake aang'ono, ndipo Patson ndiye ankamubereka powoloka kamtsinje ka kwawo ku Mponela popita ku sukulu nthawi ya dzinja. Izi Albert sanakane. Anangoti, "Achimwene, chipinda chija n'chokhacho chosalowa dzuwa. Makorali amafuna kuwala koyeza." Patson anali atagonamo zaka ziwiri, ndipo palibe anadandaulapo kuti simulowa dzuwa.

Kuchokera pamenepo ankagona pa sofa ya mnzake Lameck, m'kanyumba ka pamwamba pa shopu ya tchipisi ku Cape Hill. Sofayo inali yaifupi. Miyendo inkalendewera kunja, ndipo m'mawa ankapita kukanyamula nkhalamba za eni ake ku ntchito msana wake uli wopindika kuposa wawo. Anzake anamupatsa dzina loti Landilodi.

Pulani inabadwira m'bala ina ya pa Cape Hill, Lachisanu madzulo mu Febuluwale, pa botolo lachitatu. Analipo atatu. Lameck ankatchedwa Injiniya chifukwa anagwirirapo makwerero munthu wokonza magetsi ku Ndirande kwa miyezi itatu. Wachitatu anali Ronald wa ku Matero ku Lusaka, wonyamula zakudya pa njinga, amene aliyense ankamudziwa kuti Kabaza.

Patson anafotokoza zimene anamva pa Khirisimasi, pamene Albert anamuitana kudzadya n'kumuimika ola lathunthu kutsogolo kwa thanki. Pamwamba pa madzi panali nyale ziwiri zotchedwa metal halide, ndipo iliyonse inali ndi bokosi lake lotchedwa balasiti, loyeza mphamvu ya magetsi opita ku babu. Lakumanzere linali lachitsulo, lolemera, lolira ngati njuchi zili mu ndowa, babu lake lalitali ngati chala, lowala mbee. Lakumanja linali laling'ono, losalira, babu lake lonenepa, lowala mobiriwira ngati inki. Albert anali atatha miyezi ingapo akuyerekeza mbali ziwirizi kuti aone kumene miyala ikukula bwino, ndipo Loweruka lililonse ankaijambula zithunzi. Patson sanajambulidwepo ndi Albert chifikireni ku England.

Pa zonse zimene zinanenedwa tsikulo, Patson anatolapo chimodzi: makorali akakhala masiku angapo opanda nyale amayera n'kufa.

"Miyala ikafa mfana uja alira, agulitsa thanki," anatero. "Chipinda chikhala chopanda kanthu. Ine ndibwerera. Basi."

Lameck anafunsa kuti nyalezo zikhala za yani. Patson anati azitenge, iye akufuna bedi. Apa Lameck anati akudziwa anyamata ena ku Wolverhampton olima masamba enaake kudenga, amene amagula nyale zotere osanenerera. Lameckyo sankadziwa munthu aliyense ku Wolverhampton. Ronald anati transipoti ndi iye. Kiyi wa chitseko chakuseri Patson anali naye. Albert anamufunsapo kawiri, iye n'kumuuza kuti anatayika m'basi.

"Dilu iyi ndi yoyera, madala," anatero Lameck. "Ngakhale apolisi a kuno atabwera ndi agalu."

Anasankha Lamlungu nthawi ya tchalitchi. Galimoto yothawira inali njinga imodzi ya anthu atatu. Ronald anavala jekete yake ya ntchito ndi chikwama chachikulu chonyamulira zakudya, kuti anthu aziti wina waitanitsa nkhuku. Lameck anavala magolovesi apulasitiki a ku ntchito. Patson anavala suti, kuti oyandikana nawo akamuona aziti ndi wachibale, zimene zinali zoona.

Atalowa m'chipindamo Patson anaima kaye. Munali mofunda. Nthawi imene iye ankagonamo, Albert ankazimitsa hita naini koloko, ati magetsi akwera mtengo. Lero munali motentha ngati m'chigafa cha fodya, ndipo kansomba kena kamizeremizere kanafika pa galasi n'kumuyang'ana ngati kakufunsa kuti akufuna ndani.

Injiniya anayamba ntchito. Ananyamula balasiti yakumanzere, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, anaibwezera pansi mwaulemu. Yakumanja anainyamula ndi dzanja limodzi, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kupukusa mutu. Anati mng'ono wa Landilodi ogulitsa anamugwira m'maso. Anafotokoza kuti chinthu chamagetsi, kaya ndi wailesi, kaya batire, kaya ayironi, chikakhala chopepuka komanso chosalira ndiye kuti m'katimo mulibe kanthu. Yolemerayo ndiye orijino.

Patson anati zonse ziwiri zichoke, apo ayi miyala siifa. Ronald anati chikwama chikwana imodzi.

"Ba Patson, msana ni wanga, njinga ni yanga. Sinine bulu."

Anakangana monong'ona kwa kanthawi, mpaka Lameck anati awathetsera mlandu. Anapita pa khoma n'kuzimitsa nyale yakumanja, kenako anayatsanso. Siinayake. Anazimitsa, anayatsa. Mdima.

"Mwaona feki? Ndangoikhudza kamodzi, yafa. Tinyamulirenji maliro?"

Nyale za mtundu umenewu zikazima zili zotentha siziyaka mpaka zitazizira, ndiye zimayaka zokha. Albert ananena zimenezi pa Khirisimasi paja, koma nthawi imeneyo Patson ankayang'ana pamene panali bedi lake. Anasiya switchi ili yoyatsa.

Nyale yakumanzere inali yotentha moti golovesi ya Lameck inamatirira ku zala. Sanalire. Anangoti anachita dala kuti aone mphamvu yake. Anaikulunga ndi thaulo la Queen. Kunsi kwa babu kunali galasi lathyathyathya, ndipo Ronald anati limenelo lisweka n'kumung'ambira chikwama. Lameck analisolola n'kuliika patebulo, ati ntchito yake n'kutchinga madzi basi, ndipo iwo alibe nsomba. Potuluka Patson anakiya chitseko, chifukwa ku Smethwick kuli akuba.

Anakankha njinga mpaka kwa Lameck, mvula ikuwawaza, Ronald akutukwana m'zilankhulo zitatu.

Lameck anati katundu sagulitsidwa asanayesedwe. Anapingasa mtengo wa mopu pa mipando iwiri imene anaikweza patebulo, anamangirirapo nyale, analumikiza balasiti n'kuyatsa. Bokosi linayamba kulira. Babu linangoti psuu pang'ono, ngati koloboyi wotha mafuta, ndipo Ronald anayamba kuseka. Koma kuwala kunkakula. Patatha mphindi zisanu m'nyumba monse munali mbee, ngati masana a Okutobala ku Chikwawa, ndipo kutentha kunkatsika kuchokera pamwamba n'kumagwera pamapewa.

Kunja kunali kwa Febuluwale, thambo lili ngati bulangete lonyowa, ndipo onse atatu anali asanaone dzuwa lenileni kwa miyezi inayi. Ronald anavula jekete. Lameck anavula malaya. Patson anapinda suti yake bwinobwino, anavula nsapato ndi sokosi, anagona chagada pansi n'kutambasula miyendo yonse mpaka kumapeto. Mafupa a msana analira limodzilimodzi. Anamva ngati ali pa dwale kwawo atangochoka kosamba.

Pambali pa nyale panali kapepala komata, kolembedwa tizilembo tachingerezi, ndi chithunzi cha diso. Ronald anakawerenga n'kunena kuti akuti osayatsa popanda galasi.

"Zimenezo amalembera azungu," anatero Lameck. "Iwowa amapsa ngakhale ndi mwezi. Ife tinabadwira pa dzuwa."

Patson anavomereza. Anati iye walima fodya zaka makumi awiri opanda chipewa, ndipo palibe dzuwa linamugonekapo m'chipatala, ndiye la m'botolo lingatani. Anatulutsa mowa umene unatsala. Anachita mpikisano woyang'ana babu osaphethira, ndipo anapambana Patson. Za Wolverhampton zinaiwalika. Anakhala pamenepo maola atatu, akutembenuka ngati mbewa zowamba.

Nthawi ya chakudya chamadzulo Ronald anati m'maso mwake mwalowa mchenga. Lameck anamuseka, kenako nayenso anayamba kutikita. Posakhalitsa amuna atatu anali atakhala pa sofa imodzi, misozi ikuyenderera, zikope zitatupa, nkhope zikuyaka. Anathira mkaka. Anaika timatumba ta tiyi. Lameck anati iye monga injiniya waona kuti vuto si lamagetsi, Albert anatsirika nyalezo. Patson anakhulupirira pang'ono. Anthu ophunzira ndiwo amapita kwa asing'anga akutali.

M'mawa anapita ku chipatala atagwirana mapewa, Ronald patsogolo chifukwa diso lake limodzi linkatseguka pang'ono. Anawakhazika m'tizipinda totchinga ndi makatani. Patson anakhala maso ali tseke, akumva zonse za kuseri kwa katani, kumene nesi wina ankafunsa Lameck m'Chingerezi. Anamufunsa ngati amawotcherera zitsulo. Lameck anakana. Anamufunsa ngati anapita kumalo kumene azungu amakagona pa magetsi kuti khungu lide. Lameck anakhumudwa kwambiri. Anauza nesiyo kuti akuyankhula ndi injiniya, ndipo kuti chimene anayang'ana ndi metal halide yeniyeni, ya babu lalitali, ya balasiti yolemera, osati zopepuka zimene anthu osadziwa amagula.

Patson anawazindikira mawu a nesiyo pa funso lachiwiri. Anatsokomola. Anatsokomolanso mwamphamvu, mpaka munthu wina anamubweretsera madzi. Lameck anali akufotokozabe mmene balasiti yabwino imalirira.

Kenako nesiyo anafunsa m'Chichewa, mofatsa, "Nanga galasi lija munalisiyiranji patebulo?"

"Linali lopanda ntchito, mayi," anatero Lameck.



"Ndi limene limatchinga kuti maso asapse," anatero nesiyo.

Katani linatseguka. Patson anamva fungo la sopo amene ankamudziwa.

"Alamu, mwadzuka bwanji?" anatero Queen.

"Ndadzuka, alamu. Kaya inu."

Queen anamupendeketsa mutu n'kumudonthezera mankhwala m'maso. Dzanja lake linali lofewa, zimene zinamupweteka Patson kuposa mankhwalawo. Anamuuza kuti maso achira pakatha masiku awiri. Anamuuzanso, ngati nkhani wamba, kuti pochokera ku tchalitchi anapeza nyale yobiriwira ikuyaka bwinobwino, nsomba zikusewera, miyala ili gwa. Albert anangoikokera pakati pa thanki, kuwala n'kukwanira konse. Anati sanavutike kuganiza kuti ndani, chifukwa wakuba wokiya chitseko potuluka amakhala wa m'banja. Anapempha kuti thaulo lake libwerere lochapa.

Albert anafika ku Cape Hill tsiku lomwelo masana. Anapeza atatuwo atakhala pamzere, atavala magalasi akuda, makatani otseka, khungu la pamphumi likusupuka. Anati apolisi sawaitana, chifukwa mapepala a achimwene angavute ndipo dzina la banja ndi limodzi. Anatambasula dzanja, Patson n'kuikamo kiyi. Kenako Albert anayang'ana balasiti ili pakona n'kunena kuti asavutike kuibweza. Kuyerekeza kwake anali atamaliza mwezi watha. Yopepukayo ndiyo yabwino, ndiyonso yodula, pamene yolemerayo imadya magetsi, imatenthetsa madzi, ndipo ankangosowa womunyamulira kukataya. Lameck anafuna kuyankhapo za kulemera, koma Ronald anamuponda phazi.

Albert atafika pakhomo potuluka, Patson anayankhula ali chikhalire, nkhope italoza kumene ankaganiza kuti kuli mng'ono wakeyo. Kunali firiji.

"Albert. Nanga chipinda?"

Albert anati wamva, achimwene, ndipo aiganizira nkhaniyo makorali akakhazikika, chifukwa asokonezeka ndi zimene zachitikazi.

Mu Epulo munalowa thanki yachiwiri, yaing'onopo, yolereramo makorali aang'ono. Patson akugonabe kwa Lameck.