Cholendewera cha Eneresi

Anthu ena anatsekeredwa nthawi ya nkhondo chifukwa chodyetsa anyamata akutchire omenyera ufulu, ndipo lero amasimba monyadira. Ine ndinatsekeredwa chifukwa cha choseweretsa cha khanda.

Tinkakhala kudziko la eni, ku Mabvuku, ine ndikuphikira mzungu wina ku Highlands. Dona wa pamenepo atabereka anapachika kanthu pamwamba pa bedi la mwana, tinsomba tapepala tolendewera pa ulusi, tozungulira tokha mphepo ikalowa. Nditafunsa ntchito yake anati mwana akamatsata zimenezo ndi maso, mutu wake umatseguka msanga. Mawuwo anandikhudza, chifukwa kunyumba tinali ndi khanda lathu loyamba, Eneresi, limene linkangoyang'ana denga la asibesitosi tsiku lonse. Ndinati n'chifukwa chake ife tinathera kukhitchini, tinakula tikuyang'ana denga.

M'masitolo munalibe zoterozo (masiku amenewo ngakhale lezala inkasowa), choncho ndinapanga changa ndi masipoko a njinga, waya ndi zitsekerero za mabotolo. Eneresi atachiona anamwetulira. Mayi ake anati ndi mpweya wam'mimba chabe, koma ine mutu unali utazungulira kale. Ngati mapepala akupatsa mwana nzeru, nanga zinthu zenizeni? Ndinawonjezera nthenga za nkhanga, kagalasi kosweka, sipuni ndi fupa la nkhuku lopukutidwa bwino. Mbali ina italemera ndinamangirira mabatire akufa a tochi mbali inayo kuti chilingane. Pakati ndinakolowekapo wotchi yodzutsa anthu imene dona anataya itasiya kuyenda.

"Bambo a Eneresi, chimenechi chikagwa mundipatsa mwana wina?" anafunsa mkazi wanga.

"Amayi, nzeru sizipepuka," ndinayankha.

(Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndikangopita kuntchito ankakokera mphasa ya mwana pakona, ndiye chinthucho chinkaphunzitsa simenti.)

Sabata ya ubatizo wa Eneresi kunabwera a Mbewe, mkulu wa mpingo, kudzaona monga mwa mwambo ngati mwana alibe zithumwa. Anafufuza m'khosi, m'chiuno ndi m'mikono osapeza kanthu. Podzuka, nthenga inawasisita mphuno. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Anzanu amabisa m'chiuno mwa mwana," anatero. "Inu mwachita kupachika kuti aliyense aone?"

"Ndi zachizungu izi, bambo."

"Azungu akuti omangirira fupa la nkhuku?"

Anagamula kuti Lamulungu ndibwere nacho kutchalitchi chikatenthedwe mapemphero asanayambe, apo ayi mwana sabatizidwa.

Lamulungu mkazi wanga anatsogola ndi mwana, ati sangayende msewu umodzi ndi chinthucho. Ine ndinavala suti n'kuchikulunga m'thumba chifukwa cha manyazi, ngakhale mawaya ankasuzumirabe kukamwa kwa thumbalo. Pafupi ndi masitolo ndinapeza apolisi atatseka msewu, akusecha aliyense wonyamula katundu.

"Achimwene, chitupa," anatero mmodzi. Achimwene ndiko kutchula kwawo akaona Mnyasa. "Chii chiri musaga?" anafunsa m'chinenero chawo, akuloza thumba langa.

Ndinatula thumbalo pansi kuti nditulutse chitupa. Wotchi ija, imene inali chete kuyambira tsiku limene ndinaitola, inasankha nthawi yomweyo kulira.

Sindinaonepo anthu akugona pansi mogwirizana chotero. Amayi ogulitsa tomato, apolisi, mbusa wina wampingo wina ndi Baibulo lake, onse chafufumimba. Mzungu wamkulu wa apolisiwo anadziponya m'ngalande. Ndinatsala chiimire ndine ndekha, chitupa chili m'manja, ndipo apolisi anadzati umenewo ndiwo umboni woti ndinkadziwa zimene ndanyamula.

Kupolisi anayala zonse patebulo n'kumandifunsa chimodzichimodzi.

"Mabatire awa ndi achiyani?" anafunsa sajeni.

"Olinganizira, bwana."

"Nanga wotchi?"

"Kuti mwana azolowere nthawi."

"Ali ndi zaka zingati mwanayo?"

"Sanayambe kukhala pansi, bwana."

Nditaona kuti pakamwa sipakundithandiza, ndinapempha kuti mmodzi agone chagada pabenchi aone mmene khanda limaonera. Wapolisi wina wamtali anagonadi, nsapato zili kunja kwa benchi. Ndinachinyamula pamwamba pake n'kuuzira nthenga kuti chizungulire, ndipo maso ake anayamba kutsata sipuni. Sajeni anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Mzungu uja sanaseke, kabudula wake anali matope okhaokha, ndipo analamula kuti ndikhale m'chitokosi mpaka aganize bwino. Ndili mmenemo ndinkamva belu latchalitchi chathu, ndipo palibe chimene ndikanachita.

Ananditulutsa dzuwa litapendeka, chinthucho n'kutsala konko. Ndinathamangira kutchalitchi n'kupeza atakhoma.

Kunyumba ndinamva kuti a Mbewe analimbikira kuti mwana adikire, koma abusa anati ngati chili m'manja mwa boma ndiye kuti chatuluka m'nyumba, n'kumubatiza. Amayi ena onse anaimirira kutsogolo ndi amuna awo polonjeza kulera ana m'chikhristu. Mkazi wanga anaimirira yekha, kumbuyo anthu akunong'onezana kuti bambo wa mwanayo wagwidwa ndi bomba.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda zikanatero. Iye anangondipatsa mwana, akanali m'kadiresi koyera, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Madzi atamukhudza analira pang'ono, kenaka anawaseka abusa. Tchalitchi chonse chinaseka naye. Inu nokha simunaone."

Zimenezo zinandiwawa kuposa chitokosi, ndipo zimandiwawabe. Sindinganame kuti ndinasiya kukhulupirira zolendewera, poti ndikaona zogulitsa masiku ano ndimaona kuti zapepuka kwambiri. Koma pa ubatizo wa ana athu otsatira ndinkafika asanatsegule tchalitchi, m'manja mulibe kanthu.