Chitini cha a Vernon Dahlke

Kuno ku Pine Fork, ku Wisconsin, palibe amene anawaonapo malemu a Vernon Dahlke akuyenda opanda chitini cha khofi m'khwapa. Kutchalitchi ankalowa nacho n'kuchikhazika pabenchi ngati mdzukulu. Kometetsa ankachifungatira pamiyendo, kunsi kwa nsalu. Ena amati tsiku lawo la opaleshoni ya ndulu anakana kugonekedwa mpaka anamwino atalonjeza kuti chitinicho chikhala pansi pa bedi, koma nkhani imeneyi aliyense amaikamba mosiyana, ndiye ndi bwino kuisiya pomwepo kuopa kunamizira malemu.

M'chitinimo munalibe khofi. Munali phula la makandulo lodzaza mpaka kukamwa, louma gwa, mawaya atatulukira pamwamba ngati ndevu za mlamba. Mkati mwa phulalo munakwiriridwa kirosova ya masipika awo, ndiye kuti tizipangizo tija timagawa nyimbo: mawu okhuthala kupita ku wufa, sipika yaikulu ija, mawu opyapyala kupita ku twita, kakang'ono kaja. Bokosi aliyense akhoza kukhoma. Nzeru za munthu zimaonekera pa kirosova, n'chifukwa chake amuna a kalabu ya masipika amakhomera yawo pathabwa kuti anzawo aisirire. A Vernon okha ndi amene ankabisa.

Onse ankangoseka za chitinicho, kupatula munthu mmodzi: a Lester Novak.

A Lester anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito. Anali ndi maikolofoni yoyezera mawu, kompyuta, ndi mawufa oitanitsa ku Denmark amene ankawagwira atavala magolovesi. Chipinda chosokera cha akazi awo, mayi Dolores, anachilanda n'kuchimata masiponji khoma lonse. A Vernon anali dalaivala wa lole ya mkaka. Chaka choyamba kubwera ku kalabu sankadziwa ngakhale kogwira chitsulo chowotcherera mawaya. Anabwera ndi masipika a pepala amene anazula mu ogani, limba lamagetsi lakale lotayidwa kuseri kwa tchalitchi, ndipo a Lester anawamvera chisoni, anawalangiza pang'ono m'kamwa muli soseji, n'kuiwala. Chaka chotsatira a Vernon anabwera ndi chitini.

Kalabuyo imakumana Loweruka loyamba la Novembala m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Masipika amaikidwa kuseri kwa katani yakuda kuti pasakhale wodziwa kuti akulirawo ndi a ndani. Nyimbo ndi zitatu zomwezomwezo, ndipo aliyense amaponya chitsekerero cha botolo la mowa m'kapu ya nambala imene yamusangalatsa. Wopambana amalandira liboni yabuluu. Kuyambira chaka cha chitini, a Vernon anapambana zaka khumi ndi ziwiri zotsatizana. Kunena mosamala, anapambana kakhumi ndi kamodzi, chifukwa chaka china madzi anasefukira m'chipindamo mpikisano n'kulephereka. Nthawi zonsezo a Lester anali achiwiri.

Chimene chinkawawawa kwambiri ndi mabokosi. A Lester ankapala thabwa lodula miyezi isanu mpaka munthu kudziona nkhope. A Vernon chaka china anabwera ndi madirowa a kabati ya apongozi awo. Chaka china zigubu za mkaka. Chaka chinanso mapaipi a simenti a m'ngalande, amene anatsitsidwa pamasitepe ndi amuna anayi, ndipo wapampando, a Gunderson, mpaka pano amayenda chopendekera. Mkati ankathiramo masokosi akutha.

"Mwatitengera chiyani chaka chino, aPulofesa?" ankafunsa a Vernon ali pampando wawo wa pafupi ndi chotenthetsera chipinda.

"Zinthu zoyezedwa, Vernon. Tizipangizo makumi atatu ndi tinayi. Mzere wake pakompyuta ndi wowongoka ngati lula."

"Ayi ndithu, tikuthokoza. Ine ndangobwera ndi ming'oma ya njuchi."

"Ukunama iwe."

Sankanama. Nyimbo yachiwiri ili mkati, njuchi imodzi inatulukira pamwamba pa katani, n'kuzungulira dazi la a Gunderson. Amuna makumi awiri anakhala chete osaiingitsa, chifukwa mayi woimba m'nyimboyo ankamveka ngati waima pomwepo, mpaka kumva akumeza malovu. Zitsekerero zitawerengedwa, ming'oma inapeza khumi ndi zisanu ndi chimodzi. A Lester anapeza zinayi, chimodzi chinali chawo chomwe. Kapena tinene kuti ankaganiza kuti n'chawo. Pambuyo pake zinadziwika kuti anasokoneza manambala n'kuvotera ming'oma. Anakhala mwezi wathunthu osayankhula ndi munthu.

"Kodi bambo, osangomufunsa bwanji?" anatero mayi Dolores.

"Ine? Kufunsa woyendetsa mkaka? Munthu woti Ohm, muyeso wa zamagetsi uja, amayesa dzina la mowa?"

"Ndiye idyani, mbatata ikuzizira."

Kufunsa sanafunse, koma njira zina zonse anayesa. Anaitana a Vernon kudzadya nsomba yokazinga Lachisanu, n'kuwathirira mowa kanayi. A Vernon anamwa kanayi konse, ndipo popita kokataya madzi ananyamula chitini. Anawapempha kuti angochinyamulako amve kulemera kwake. A Vernon anati chili ndi manyazi.

Kenaka chaka chachisanu ndi chitatu mwayi unagwa. Anthu atabalalika, chitini chinatsala chokha patebulo. A Lester anayang'ana uku ndi uku, n'kuchilowetsa m'jekete, mtima ukugunda ngati wufa yong'ambika. Iwo amati ankangowasungira anzawo, ndipo mawu amenewa alembedwe monga anawanenera. M'mawa mwake anali kale kwa mlamu wawo, dokotala wa ng'ombe, amene ali ndi makina ojambulira mafupa. Chithunzi chitatuluka, awiriwo anachiyang'anitsitsa pawindo.

"Achimwene," anatero dokotalayo, "ine za magetsi sindizidziwa, koma iyi ndi sipuni."

Munalidi sipuni, makiyi atatu, mbedza ya nsomba, ndi mawaya osalumikizidwa ku chilichonse. Patapita masiku atatu a Lester anakagogoda kwa a Vernon.

"Unaiwala chitini chako. Ndinakusungira."

"Aa, zikomo kwambiri aPulofesa," anatero a Vernon, chitini chenicheni chili m'khwapa. "Sipuni yanga ija ili bwino? Siinathyoke fupa?"

Nkhaniyi inafika kometetsa a Lester asanafike kwawo.

A Vernon anamwalira mu Malichi, atagwa akuchotsa chipale chofewa pakhomo la mayi wina wamasiye woyandikana nawo. A Lester anali mmodzi mwa onyamula bokosi. Analira, zimenezo palibe angatsutse, koma potuluka kumanda anawerenganso magalimoto.

"Zana limodzi ndi makumi anayi," anatero ali m'galimoto. "Ndi malole a mkaka awiri. Ine ndaphunzitsa ana a tauni ino zaka makumi atatu. Ukuganiza pamaliro anga padzabwera angati?"

"Mukapitiriza chonchi, ine ndekha, ndipo ndidzachedwa," anayankha mayi Dolores.

Patapita milungu iwiri, Lolemba m'mawa, mayi Bernice, akazi a malemuwo, anaimika galimoto pakhomo. Kumbuyo kunali masipika a pepala a mu ogani aja. Pampando wakutsogolo panali chitini, atachimanga lamba.

"Alamu, anzanu anati izi ndi zanu. Anati ndibweretse Lolemba, osati tsiku lina."

A Lester anachilandira ndi manja awiri. Anachiika patebulo, n'kulengeza kuti sachitsegula, chifukwa chinsinsi cha munthu wakufa n'chopatulika. Anangolumikiza mawaya ake ku makina oyezera, pakuti kuyeza si kutsegula. Makina anasonyeza kuti sipika iliyonse ili ndi tizipangizo titatu basi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Lester ananena kuti makina akunama. Tizipangizo titatu sitingagonjetse makumi atatu ndi tinayi. Munali china chake m'menemo, mwina siliva, mwina chipangizo cha asilikali chimene Vernon anatola kwinakwake.

Lachiwiri masana mayi Dolores pobwera kogula zinthu anapeza khitchini yonse ikununkha ngati tchalitchi pa Khirisimasi.

"Poto wanga wa supu!"

"Ndikugulira wina. Tagwira tochiyi."

Phula linasungunuka pang'onopang'ono. Poyamba panaoneka makoyilo awiri a waya wamba. Kenaka makapasita, tizipangizo tosunga magetsi tija, awiri otchipa, ofanana ndi amene a Lester ankataya m'bini, ndi tina tiwiri tochepetsa mphamvu ya twita. Titatu uku, titatu uku. Pansi penipeni panali kabotolo kamankhwala kotseka bwino. A Lester anakatsegula, natulutsamo mapepala awiri.

Loyamba linali kapepala kopukutira pakamwa, kachikasu ndi ukalamba, kokhala ndi dontho la mafuta a soseji. Panali chojambula cha kirosova ndi manambala atatu. A Lester anayang'ana nambala seveni yodulidwa pakati, monga ankailembera pabolodi zaka makumi atatu, ndipo anakhala pansi.

Lachiwiri linali kalata.

"APulofesa, ngati lero ndi Lachitatu, mwayesetsa. Izi munandilembera nokha tsiku loyamba lija, n'kunena kuti n'zokwanira zinyalala zanga. Zinakwaniradi. Sindinasinthepo kanthu, sindikanadziwa n'posinthira pomwe. Ndikanakuuzani, mukanawonjezera tina makumi atatu n'kuwononga. Komanso mukanasiya kundiyang'ana ndi diso lija, ndipo munthu woyendetsa mkaka sayang'anidwa choncho kawirikawiri. Sipuni ija ndakusiyirani, ili kwa Bernice. Vernon."

Mayi Dolores anawerenga kalatayo kawiri, kenaka anapita kukaima pawindo, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amakana kunena ngati ankalira kapena ankaseka.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero a Lester, "ndimagonja kwa ine ndemwe?"

"Ndipo kamodzi munadzivotera osadziwa."

"Maliboni aja ndi anga! Onse khumi ndi imodzi!"

Anapita kwa mayi Bernice tsiku lomwelo, phula lili m'zikhadabo. Mayiwo anawamvetsera mpaka kumaliza, n'kuwathirira khofi.

"Anapita nawo, alamu. Ndinawaika m'thumba la jekete yawo monga anapemphera. Si inu munanyamula kumutu? Ndiye kuti munawagwirako ndithu."

Anawapatsa sipuni.

Chilimwe chonse a Lester anali m'galaja. Anakhoma mabokosi awiri abwino, naikamo masipika a mu ogani aja ndi tizipangizo titatu titatu. Kanayi konse dzanja lawo linapita lokha kudirowa kukatenga kachinayi, ndipo kanayi konse analibweza. Masokosi anathiramo awo, ngakhale kuti zimenezi sanauze aliyense.

Mu Novembala katani yakuda inakolekedwa monga mwa nthawi zonse. Mayi woimba uja anaimanso pakati pa chipinda, nameza malovu. A Gunderson anakhuthula makapu: zitsekerero khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anawapatsa a Lester liboni yabuluu, anthu anawomba m'manja.

A Lester anali atakonza mawu oti adzanene pa tsiku limeneli. Anawakonza kwa zaka khumi ndi ziwiri, akusamba, akutchetcha kapinga, ndipo anali mawu abwino, obaya. Anatembenukira kumpando wa pafupi ndi chotenthetsera, liboni ili m'mwamba, pakamwa atatsegula kale. Pampandopo wina anali ataunjikapo majekete.

Anatseka pakamwa. Kumbuyo kwawo wina anali atayamba kale kukamba za njuchi ija, wina za mapaipi a simenti, ndipo posakhalitsa chipinda chonse chinali kuseka za a Vernon, wopambana ataima yekha ndi kansalu kake.

"Wachita kufa dala ameneyu," anatero kwa a Gunderson. "Anaona kuti chaka chino ndimugonjetsa."

Kalabu ikukumanabe. Mabokosi onse tsopano ndi osalala, amakona oyenera, ndipo palibe amene amathyoka msana powatsitsa. Soseji imatsala. Anthu amabalalika dzuwa lisanalowe.

Chaka chathachi a Lester anabwera ndi chitini cha khofi m'khwapa, chodzaza phula, mawaya atatulukira pamwamba. Anthu anamwetulira mwaulemu, koma palibe anafunsa za mkati mwake. Pochoka anachisiya patebulo, pamalo oonekera bwino, n'kupita kunyumba kukadikira. Anadikira Lamulungu, anadikira Lolemba. Lachitatu foni inalira. Anali wosesa m'tchalitchi, kufunsa ngati chitinicho akuchifunabe kapena achitaye.

A Lester anakachitenga okha. Chinali pomwe anachisiya, chosasunthidwa ngakhale pang'ono.

"Vernon anali ndi mwayi," anatero madzulo ake, akutakasa khofi ndi sipuni ija. "Iye anali ndi womubera."