Mmene mbuzi zinandivulira malaya kuchipongozi

Nkhaniyi kwathu ku Mwanza amaikamba ine ndikachokapo. Bola ndiikambe ndekha.

Thupi langa silimvana ndi mtedza. Ndikangolawa, ziwengo thupi lonse, milomo n'kutupa. Tsono Tiyamike, mkazi amene ndinkamufuna, kwawo ndi kwa Kanduku, kumene mlendo amamulandira ndi mtedza wokazinga. Ukakana, akuti ndiwe wamatama. Ndipo ndinkapita kukaonekera koyamba kwa amalume ake, amene akati ayi, ukwati palibe.

Ndinaimbira msuweni wanga amene amaphunzira zamankhwala. "M'makoko a manachesi ndi mu anyezi muli timankhwala tachilengedwe totchedwa mafulavonoidi," anatero. "Timathandizako kuziziritsa kutupa kwa ziwengo, koma pang'ono chabe, asuweni. Mtedzawo mukangokana." (Mawu omalizawo ndinawamva bwinobwino, kungoti sanandikomere.)

Ndinagula manachesi thumba lathunthu. Ndinadya mpaka mano kuyayamira. Makoko ena ndinawiritsa n'kumwa, otsala ndinalonga m'matumba a jekete ndi m'kati mwa malaya, ati mankhwala azilowa ndili pa ulendo. Anyezi ndinkatafuna wamuwisi pa kabaza. Wakabazayo anangoti, "Abwana, popuma muziyang'ana kumbali."

Nditafika anandiyalira mphasa pabwalo. Mkamwini sacheukacheuka, sadzikanda, sakalipira chiweto cha eni ake, ndiye ndinakhala phee, maso pansi. Amalume akufunsa za kwathu, ndinamva mpweya wofunda m'khosi. Mbuzi! Inapisa mutu m'thumba n'kusolola khoko. Inabwera ina. Kenako tonde anagwira malaya n'kukoka, mabatani onse thothotho, makoko khuthu pamphasa. Ana anagubuduzika ndi phwete. Apongozi anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mtedza unabwera. Ndi manyazi amenewo ndikanayambanso kukana chakudya? Ndinadya. Posakhalitsa maso anatsekeka, kupuma kukubanika, ndipo amalume omwewo anandikweza panjinga yawo kuthamangira kuchipatala, ine mimba ili pamtunda.

Nditatsitsimuka ndinawamva pakhonde akuuza Tiyamike: "Za mbuzizo ndikanangoseka. Koma munthu wololera kufera pamphasa panga m'malo moti anene kuti 'pepani, sindidya', adzakubisira zingati m'nyumba?"

Tiyamike anakwatiwa ku Zobue. Ine masiku ano ndikafika pakhomo pa munthu, ndimayamba kukana mtedza ndisanapereke n'komwe moni.