Sing'anga wa pa Levulo 6

Lolemba

Akuti ndine wofooka. Ine! Mayi wosenza dengu la kabichi kuchoka kuno ku Chongoni mpaka kumsewu wa tala, akuti wofooka.

Nkhani yake ndi gemu ya pafoni. Mwana wanga Yamikani ali ku Joni, ndipo kuimba foni si khalidwe lake. Ukamuimbira, "Ndili pantchito amayi," basi wadula. Koma Loweruka lililonse masana amakhala mu gemu iyi ndi anzake, kumenyana ndi zilombo. Ndiye atabwera pa Khirisimasi ndinamuuza kuti andiikire nanenso. Mmenemo ndi momwe ndimamuonera: kamunthu kovala zitsulo kakuthamanga patsogolo panga, mawu ake akutuluka m'foni. Ndi mwana wanga ameneyo, ngakhale chipewa chake chili ndi nyanga.

Ine anandisankhira kukhala sing'anga, wochiritsa ovulala. Munthu wa kwaya ya kutchalitchi, sing'anga! Bambo mfumu asamve.

Lero mtsogoleri wa gulu lathu, wina wodzitcha Namondwe, walemba kuti: "Loweruka tikulowa m'Phanga la Chinjoka. Amene sanafike levulo 15 atsale panja." Onse aja ali kuma 30 uko. Wosafika 15 ndi ndani? Ndine ndekha. Ndili pa 6. Bwanji osangotchula dzina?

Ndamuyankha: "Iwe mwana usandiderere. Tikumana paphangapo."

Pulani yanga:
- m'mawa ndisanapite kudimba, kupha makoswe a mu gemu, chifukwa mapointi ndi amene amakweza levulo
- masana, akangaude
- sola ndi ya foni yokha, wailesi ya bambo a Yamikani ipume kaye
- osapempha thandizo kwa munthu aliyense

Lachiwiri

Chifunga chokhachokha. Phiri silikuoneka, dzuwa kulibe, sola ili ngati mbale yosweka padenga.

Netiweki pakhomo pano imapezeka pamalo amodzi, pamwala wa kuseri kwa khola la mbuzi. Ndili pomwepo, bulangete kumutu, zala zauma ndi chisanu.

Makoswe a mu gemu si ngati athuwa. Ndi aakulu ngati ana a ng'ombe ndipo amabwera atatuatatu. Sing'anga alibe lupanga, ali ndi kandodo. Ndikumenya khoswe ndi kandodo, iye akundiluma, ndikudzichiritsa, akundilumanso. Tikhoza kukhala chonchi mpaka Pasaka.

Ndafa. Ndadzukira kumudzi wa mu gemu, ndathamangira komweko, ndafanso. Khoswe wake yemweyo! Ndikumudziwa, ali ndi khutu long'ambika.

Bambo a Yamikani akudutsa ndi khasu paphewa: "Makoswe enieni akutha chimanga m'nkhokwe, inu muli pamwala kulimbana ndi a m'galasi."

Ndawauza kuti a m'nkhokwe sapereka mapointi.

Wa khutu long'ambika uja ndamupha foni itatsala pang'ono kuthima. Levulo 7. Ndani wofooka?

Lachitatu

Msika, ku Dedza boma. Kabichi ndayala, kenako ndasiyira mayi wa tomato woyandikana nane kuti azindionera. Ine ulendo kugolosale ya a Saidi, komwe timatchajitsa mafoni. Magetsi alipo! Netiweki yodzaza mpaka kukamwa! Ndakhala pathumba la shuga pafupi ndi soketi.

Ndaganiza bwino. Makoswe akuchedwetsa. Ku Nkhalango ya Mimbulu mapointi ndi ochuluka, mmbulu umodzi ndi makoswe ambirimbiri. Pachipata chake alembapo zofiira m'Chingerezi, ndi chithunzi cha chigaza. Sindinabwere kudzawerenga.

Mmbulu woyamba sunandilume n'komwe. Wangondinunkhiza, ndafa.

Chimene sanandiuze: ukafera kumeneko, katundu wako amatsala komweko. Ndataya:
- kandodo
- nsapato
- mkanjo
- chipewa
- mabotolo onse a mankhwala

Sing'anga wanga watsala ndi kabudula wam'kati, waima pakati pa mudzi, anthu a mu gemu akumudutsa.

A Saidi asuzumira: "Amayi, munthu wanuyu bwanji akuyenda chonchi pagulu?"

Ndati akupita kosamba.

Kenako magetsi phethi, athima. Kubwerera pamsika, mayi wa tomato akuti ogula amafunsa mwini wake, iye mitengo yanga saidziwa. Theka la kabichi ndabwerera nalo pamutu, litafota. Palibe kanthu. Mbuzi nazo zimadya.

Lachinayi

Ndikuyesa kukatenga katundu wanga kunkhalango. Kuthamanga ndi kabudula, mimbulu pambuyo. Zovala ndikuziona, zili pansi pa mtengo, mmbulu wagonapo ngati mphasa yake.

Namondwe wandilembera kumbali: "Amayi, ndaona zomwe zachitika. Ndibwere ndikuperekezeni? Ndili ndi zovala zina zomwe sindigwiritsa ntchito."

Kaunjika! Akufuna kundiveka kaunjika! Ndamuyankha mokwanira.

Ndabwerera kumakoswe, ndi zibakera. Levulo 8, ndipo gemu yandipatsa mapointi apadera oti ndisankhe luso. Ndaona chithunzi cha chinthu chachitali chosongoka. Mkondo! Ndathira onse pamenepo, osasiyako ngakhale limodzi.

Si mkondo. Ndi ndodo ya mbedza.

Tsopano ndine katswiri wowedza nsomba. Ine wakumapiri, amene nsomba ndimaidziwa youma, ya pamulu! Kubweza sizitheka, ndadina paliponse.

Nyemba zapserera pamoto. Kokonzekera nyimbo za kwaya sindinapiteko. Bambo a Yamikani adya mbatatesi yowiritsa ndi mchere, akungoyang'ana wailesi yawo yakufa.

Masiku akadalipo.

Lachisanu

Yamikani waimba. Yekha, osayamba ine! Ndimati kwagwa zovuta.

"Amayi, Namondwe uja mwakhala mukumulembera zotani?"

Ndati zoyenera mwana wamwano.

Kenako: "Amayi, ameneyo ndi mtsikana. Dzina lake ndi Tadala, kwawo ndi ku Kasina, amagwira ntchito konkuno. Ndi amene ndikufuna kumanga naye banja. Ndimadikira kuti ndikuuzeni bwinobwino."

Ndakhala pansi, pamwala pomwepo. Ndatsegula zomwe ndinalemba dzulo:
- "Ndinayamba kudziveka ndekha iwe usanabadwe."
- "Kwanu kulibe akuluakulu?"
- "Amene adzamange nawe banja ali ndi ntchito."

Chomalizachi ndinaikapo ndi kachithunzi koseka.

Nditawauza, bambo a Yamikani aseka mpaka kutsokomola, agwira chitseko. "Mwatukwana apongozi musanawaone nkhope! Ena amadikira ukwati kaye."

Sindipepesa. Anayamba ndi iyeyo, ndi 15 wakeyo. Komanso Yamikaniyo bwanji osanena? Miyezi yonseyi ndikuthamanga pambuyo pa mpongozi wanga, akundilamula kuti "kumanzere, kumanja," ine osadziwa!

Tsopano ndiye sindingabwerere. Ndikatsala panja mawa, ku Kasina konse adzamva kuti amake a mwamuna anakanika pakhomo la phanga.

Kuwedza nako kumapereka mapointi, pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa chilimwe. Ndaima pamtsinje wa mu gemu ndi kabudula wanga, kuponya, kukoka, kuponya, kukoka. Thumba ladzaza nsomba. Levulo 9.

Loweruka

Masana, pamwala. Foni yodzaza, dzuwa latuluka lero lokha, ngati likufuna kudzaonerera.

Gulu lonse lasonkhana pakhomo la phanga, zitsulo waliwali, malupanga oyaka moto. Ine ndafika: kabudula, mbedza, thumba la nsomba.

Ndayenda molunjika pachipata. Chandikankha. Ndabwereranso. Chandikankhanso, ndi mawu ofiira aja.

Kenako mawu a mtsikana, oyamba kuwamva, chifukwa masiku onse amangolemba. Ofatsa, a kwathu konkuno: "Amayi, mwaswera bwanji? Lamulolo si langa, ndi la gemu. Koma mtsogoleri amaloledwa kulowa ndi mlendo mmodzi. Mukalola, mulowe ngati mlendo wanga."

Ndimafuna kukana. Koma Yamikani ali kale m'kati, ndikuona nyanga zake zikulowa mumdima.

Ndati, "Zikomo, tsogolani." Inde, ndamupatsa ulemu wake. Pakamwa pawawa.

Chinjokacho! Foni yonse ndi mutu wokha. Chayetsemula kamodzi, ndafa. Tadala wathamanga, wandithira mankhwala ake, ndadzuka. "Imani kumbuyo kwanga, amayi." Sindinabwere kudzabisala. Ndapita kutsogolo, ndachikwapula ndi mbedza pamphuno. Ndafa. Wandidzutsa. Mchira wandipeza. Wandidzutsanso. Sing'anga kuchiritsidwa ndi msilikali, manyazi ake!

Mwadzidzidzi Yamikani akukuwa: "Amayi, ndikutha! Ndichiritseni!"

Mwana wanga akundiitana! Ndaiwala kuti ndi gemu. Ndaimirira pamwala, bulangete pansi, ndadina ndi mphamvu zanga zonse.

Ndamugenda ndi nsomba.

Yamumenya kumaso, wagwa. Tadala mankhwala alibe, onse anathera pa ine. Chinjoka chawapsereza mmodzimmodzi, gulu lonse, anthu amene akonzekera mwezi wathunthu.

Ndikumva mbuzi zokha m'khola.

Wina wayamba kuseka. Ndi Yamikani. Kuseka kwake kwa ali mwana, kolira ngati akubanika, komwe sindinakumve chichokereni. Enawo sakuseka onse. Mmodzi wati, "Sabata yamawa mayiwa asabwere, chonde."

Ndamva. Ndili ndi makutu.

Lamulungu

Misa. Nyimbo zatsopano sindikuzidziwa, ndikungotsegula pakamwa. Woimbitsa kwaya wandiyang'ana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pobwera ndapeza uthenga. Gulu lagwirizana: kunkhondo ayi, mpaka ndidzakule. Ntchito yanga ikhala kutsala kumudzi wa mu gemu, kuwotcha nsomba zoti ankhondo azinyamula. Adzandipeza pobwerera, akuti tizicheza pamenepo.

Chabwino. Ndavomera. 15 sindidzafika chaka chino, mwina ngakhale chamawa. Sola ndabweza, wailesi ikulira, bambo a Yamikani akumvera mpira ngati munthu wotuluka m'chipatala.

Tadala watumiza mtolo mu gemu: mkanjo wobiriwira, nsapato, ndodo yatsopano. Palibe mawu ena, koma "Kukuzizira, amayi." Ndauyang'ana nthawi yaitali. Ndavala. Zandikwana.

Madzulo abwera achimwene anga, amalume ake a Yamikani, poti ulendo wokafunsira mbeta ku Kasina ndi wawo. Akhala pampando, avula chipewa, afunsa: "Mlongo, mtsikanayo mukumudziwa? Ndi wakhalidwe?"

Ndati nkhope yake sindinaione, kuphika kwake sindikudziwa, ndipo amalamula kwambiri.

"Nanga tipite kapena tisapite?"

Pitani, achimwene. Ndikafa amabwera.