Madzi Otentha a Bambo a Tadala

Lolemba

Tchuthi chayamba. Sabata yathunthu osaponda ku wodi, osamva belu la odwala. Maganizo anga: kugona, kudzuka, kudya, kugonanso.

Bambo a Tadala ali ndi maganizo awo. Alowa kukhitchini foni ili patsogolo. "Mayi a Tadala, taonani. Madzi otentha, otumphuka okha pansi, m'thengo la kumpoto ku Scotland. Kulibe nyumba, kulibe geti, kulibe wokufunsa."

Kulibenso chimbudzi, ndikuonera pa vidiyo pomwepo. Miyala, nthunzi, mitengo, mzungu wandevu ali khale m'madzi.

Vidiyoyi awatumizira a Zulu, mnzawo wa ku Zambia wokhala ku Sparkhill, dera lina la mzinda wathu kuno kwa azungu. Akuti tinyamuka Loweruka.

Ndikufuna kukana. Koma chimwalirireni amayi awo, bambowa sanakondwepo ndi kanthu. Maliro anaonera pa foni, atakhala pa masitepe. Lero akusimba za kwawo ku Rumphi, mmene amayi awo ankawatengera ku madzi otentha kukachapa, iwo n'kumaphika mazira m'chitini. Maso akuwala. Ndavomera.

Lachiwiri

Nkhani yafika pa gulu la tchalitchi. Sindine ndaiika. Opita:

a Zulu ndi akazi awo
a Nachisale a kukwaya, akuti madziwo akachotsa nyamakazi
ife awiri
Tadala, mwana wathu, amene sanafunsidwe. "Is there Wi-Fi?" Kulibe. "Then no."

Masana kushopu. Tenti, mabutsi, tochi yovala pamphumi, kambaula ka gasi, wezulo. Wezulo ndi wa chiyani? "Mukasochera." Bambowa sananene kuti tikasochera. Ndamva bwino.

Lachitatu

Kuyesa tenti kuseri kwa nyumba. Mvula ikuwaza. Pepala la malangizo lanyowa, lamatirira. Tenti yaima kamodzi, ngati ng'ombe yodwala, kenaka mphepo yainyamula n'kuiponya pa nyemba za aneba. Anebawo, nkhalamba yachizungu yosakonda zoyankhula, aibweza pamwamba pa mpanda ndi ndodo. "Going somewhere nice?" Bambo a Tadala afotokoza zonse. Nkhalambayo yawayang'ana nthawi yaitali, yalowa m'nyumba.

A Nachisale amva kuti pomwe msewu uthera pamatsala ulendo wapansi wa theka la tsiku. Uthenga wawo: "Nyamakaziyi tinazolowerana, ndisaikwiyitse."

Lachinayi

Kuyeserera kuyenda. Kaphiri ka kunja kwa tauni, zikwama kumsana, mabutsi atsopano. Agogo oyendetsa agalu akutipitirira, ena kawiri. Matuza zidendene zonse. Bambo a Tadala akukhala pa benchi iliyonse, ati akuona malo. Malo ake ndi nkhungu.

Akazi a Zulu aitanidwa shifiti ya Loweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe amagwira. Sangakane, anabwera kumene, viza yawo ili m'manja mwa abwana. Ndawamvera chisoni, ndawasiriranso. A Zulu pa foni: "Ine nizabwela, mudala, osadandaula."

Ndapemphera. Sindinapemphe kuti ulendo ulephereke ayi. Ndangofotokoza mmene zinthu zilili.

Lachisanu

A Zulu sabwera. Msana, akutero. Kumbuyo kwa mawu awo kukumveka mpira pa TV.

Tatsala awiri. Bambo a Tadala sakugwedezeka: "Bola, tikapumako awiriwiri." Ndikukazinga nkhuku ya kamba. Ndauza Tadala komwe kuli mapasipoti, ndi kuti azimvera azakhali ake amene atsale naye.

Nkhuku ili pamoto, ndatenga foni ya bambo a Tadala kuti ndione vidiyo ija mpaka kumapeto. Eni ake amaimitsira pa nthunzi nthawi zonse. Kumapetoko mzungu uja watuluka m'madzi, wavala, wadutsa pa chikwangwani. Pa chikwangwanipo pali chinyama.

"Bambo a Tadala, ku Scotland kuli zimbalangondo?"

"Ndi nkhosa imeneyo."

"Nkhosa yoima ndi miyendo iwiri?"

Atenga foni yawo. Apita kukapukuta mabutsi.

Loweruka

Katundu ali m'galimoto, ife tili m'galimoto, lamba womanga. Ndapempha chinthu chimodzi: tisanalize injini, tiimbire kanyumba ka alendo ka m'mudzi wotchulidwa pa vidiyo ija, atiuze za msewu. Avomera, kuti andisonyeze kuti ndikuopa pachabe.

Wayankha ndi mayi, Chingerezi chake chovuta kumva. Bambo a Tadala afunsa za madzi otentha. Mayiyo wayamba kuseka, mpaka kutsokomola. Waitana mwamuna wake, nayenso aseke. Akuti dzina ndi lomwelo, koma mudzi wa madziwo uli ku Canada. Sitili oyamba kuimba. Kwawoko madzi otentha amapezeka m'ketulo basi, ndipo tikafuna tibwere.

Canada! Ine mpweya watuluka wonse, mpaka mapewa agwa.

Koma nditacheuka, bambo a Tadala ali zyoli, makiyi m'manja. Mantha andigwira kuti abwerera m'chisoni chija cha maliro. Mapewa awo ayamba kugwedezeka. Ndikufunafuna kansalu kopukutira misozi, koma ndaona kuti akuseka.

"Tikanayenda tsiku lonse kukafuna ketulo."

Taseka mpaka magalasi achita nkhungu. Kamba tadyera momwemo, pakhomo pathu penipeni muno mu Erdington: nkhuku, mazira, tiyi wa m'fulasiki. Asimba za amayi awo mpaka tiyi watha, zina zoti sindinazimvepo. Alirako pang'ono. Ndawasiya alire.

Tadala watuluka, wasuzumira pa windo. "You're back?" Inde, tabwerako.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita nditakonzeka kusekedwa. Koma palibe akudziwa za Canada, ngakhale a Zulu. Nawonso vidiyo anangolandira kwa wina n'kutumiza.

Atationa, onse aganiza kuti talephera kupita chifukwa anatithawa. Mapemphero atatha, mzere wa opepesa. Akazi a Zulu atiitanira chakudya kwawo. A Zulu akuyenda atagwira msana, akaiwala agwira mbali ina. A Nachisale abwera ndi mandasi odzaza thini, maso ali pansi.

Bambo a Tadala akulandira kupepesa konseko nkhope ili yaulemu: "Musadandaule. Sitikanapita popanda inu."

Ine ndikuyang'ana denga.

A Nachisale, kuti mtima ukhale pansi: "Ndiye tikonzenso pa Isitala, nditakonzekera bwino." Bambo a Tadala atsegula pakamwa. Ndawaponda phazi, pa thuza penipeni. Atseka.

Mawa shifiti ya m'mawa. Sindinagone monga ndinkafunira, zidendene zikuwawa, nsapato ya kuntchito sikulowa. Mandasi tadyera m'njira. Ndi okoma, ngakhale sitinawayenere.